Kodi Mkhristu angaphunzire kwa Laozi osasiya Yesu?

Chimwemwe ku Xi'an: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso, ndipo ndikupempha makamaka abusa ndi amayi athu kuti mundithandize. Kodi munthu angakhale Mkhristu wathunthu uku akuwerenga ndi kutsata nzeru za Laozi, wanzeru wakale wa kuno ku China, mwini buku lija lotchedwa Dao De Jing? Ku mpingo komwe ndimapemphera kuno kuli bambo wina wachikulire amene amatsogolera phunziro la Baibulo pakati pa sabata. Amakonda Yesu, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma akafika pa Afilipi 2, pamene Khristu akudzikhuthula yekha n'kutenga maonekedwe a kapolo, amatsegulanso buku la Laozi. Amati taonani madzi: amathandiza zamoyo zonse, salimbana ndi chilichonse, ndipo amakakhala malo otsika amene anthu amawanyoza. Akatero amati Laozi anaona chithunzithunzi, ife taona mwini wake. Ndikamva zimenezi mtima umasangalala, koma penapake ndimachita mantha.

Mjoni wa ku Randburg: Achimwene, manthawo musawanyozere, ndi Mzimu akukuchenjezani. Kuwala kuyanjana bwanji ndi mdima? Werengani 2 Akorinto 6 kuyambira ndime 14. Chitao, chipembedzo cha otsatira a Laoziyo, ndi cha mafano, basi. Munapita kumeneko kukaphunzira za uinjiniya, tengani digiri yanu mubwere nayo, zinazo zisiyeni konko.

NaJere: Mwana wanga Chimwemwe, wachita bwino kufunsa. Ine za mabuku a ku China sindinawerenge, koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Baibulo lili ndi mabuku 66, lakuperewera pati?

Chimwemwe ku Xi'an: Zikomo amayi, silinandiperewere ayi. A Mjoni, za mafanozo ndaziona ndi maso anga. Muno mu Xi'an muli kachisi wa Chitao wotchedwa Baxian An. Ukangolowa umakumana ndi utsi wa lubani, anthu akugwadira zifanizo, ena akugwedeza kachitini ka timitengo ta nsungwi mpaka kamtengo kamodzi kagwe pansi, n'kupita nako kwa wansembe kuti awauze za tsogolo lawo. Zimenezo sindingakhudze, n'kuombeza kumene. Koma bukulo ndi nkhani ina. Ndi lalifupi, mitu 81, zilembo pafupifupi 5,000, ndipo mulibemo lamulo loti gwadira chakuti kapena pereka nsembe yakuti.

Aphunzitsi Gondwe: Ndilowepo pamenepa, chifukwa Chimwemwe wakhudza chinthu chofunika. Bukuli ndi lakale kuposa makachisiwo. Mu 1993 anafukula manda ena ku Guodian m'chigawo cha Hubei n'kupezamo zigawo za bukuli zolembedwa pa timizere ta nsungwi, za m'ma 300 Yesu asanabadwe. Chitao cha ansembe ndi zithumwa chinadzakhazikika pambuyo pake, ndipo ambiri amawerengera kuyambira pa Zhang Daoling m'chaka cha 142 Yesu atabadwa. Sindikunena kuti ziwirizi n'zosiyana kotheratu. Ansembe a Chitao amalilemekeza bukuli ngati malemba awo oyera, ndipo Laozi anamusandutsa mulungu. Koma kuwerenga buku la nzeru sikufanana ndi kufukiza lubani. Augustine Woyera anawerenga mabuku a otsatira a Plato, Thomas Aquinas anamanga maphunziro ake pogwiritsa ntchito Aristotle, ndipo anthu awiri achigirikiwa sanali Akhristu. Paulo mwiniwake pa Areopagi anatchula mawu a alakatuli achikunja, Machitidwe 17:28.

Mjoni wa ku Randburg: Paulo anawatchula kuti awatembenuze mtima, aphunzitsi, osati kuti aziwerenga ndakatulo zawo pa phunziro la Baibulo.

Abusa Opuma: Moni ana anga. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. A Mjoni, mfundo yanu yomalizayi ili ndi mphamvu, ndibwereranso pa iyo. Koma poyamba ndifunse Chimwemwe: uli mu mzinda momwe muli mwala uja wa Akhristu akale, unapitako kukauona?

Chimwemwe ku Xi'an: Ndinapitako abusa. Uli m'nyumba yosungira miyala yolembedwa ya Beilin. Ndi mwala wakuda, wautali pafupifupi mamita atatu. Pamwamba penipeni pali kamtanda kakang'ono, ungakaphonye ngati sunauzidwe, kakutuluka pa duwa la lotus ndipo m'mbali mwake muli timitambo. Kumunsi ndi m'mbali muli mayina a ansembe olembedwa m'Chisiriya. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana kamtandako. Sindinkadziwa kuti dzina la Yesu linafika kuno kale chotere.

Abusa Opuma: Linafika kale ndithu. Mwalawo anauimika mu 781, ndipo umafotokoza kuti m'chaka cha 635 mmishonale wotchedwa Alopen, wa Mpingo wa Kum'mawa womwe unali wamphamvu ku Persia, anafika ku Chang'an, womwe ndi Xi'an wa lero. Mfumu Taizong inamulandira, inalamula kuti mabuku ake amasuliridwe, ndipo mu 638 inalola kuti chiphunzitsocho chilalikidwe ndi kuti amange nyumba ya amonke mu likulu. Tsono tamverani apa. Mafumu a Tang, mzera wa Taizongyo, anali a banja la Li, ndipo ankati iwo ndi zidzukulu za Laozi. Choncho Akhristu aja anayankhula m'chinenero chomwe bwalo la mfumu likanamva. Chikalata cha mfumu chomwe chinakopedwa pa mwalawo chimayamikira Chikhristu ndi mawu a Chitao enieni, ndipo mwalawo umakumbutsa nthano yoti Laozi ananyamuka kulowera kumadzulo ufumu wa Zhou utavunda, n'kunena kuti tsopano mphepo yowala ikuombera kum'mawa. Anthu akumva zimenezo akanaganiza kuti chiphunzitso cha Laozi changobwerera kwawo. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti mwalawo umanena za kulengedwa kwa dziko, za Satana, za namwali wobala Mesiya, za ubatizo, za kukwera kumwamba, koma sunena poyera kuti Mesiyayo anapachikidwa. Mtanda ulipo ngati chizindikiro, koma imfa ya pamtanda aibisa m'mawu okuluwika. Kuopsa kwa kusakaniza n'kumeneko. Sayamba n'kukuuza kuti kana Yesu. Umangopeza kuti chinthu chomwe chikanakhumudwitsa omvera wachisiya osachitchula.

Aphunzitsi Gondwe: Abusa, za mwalawo mwanena zoona, koma tisawaweruze Akhristu aja ndi mwala umodzi. Mwala unali chikumbutso cha pagulu, choti nduna za mfumu ziziwerenga podutsa. Pali zolembedwa zawo zina zimene zinatulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi yomwe mabuku ambirimbiri akale anapezeka m'phanga lotsekedwa ku Dunhuang. Chimodzi mwa izo chimafotokoza nkhani ya Mesiya kuyambira kubadwa, ubatizo wa Yohane, mlandu pamaso pa Pilato, mpaka kupachikidwa pa mtengo. Ndiye kuti pophunzitsa anthu awo mtanda sankaubisa. Ndipo amene anatsegula phanga lija mu 1900 anali wansembe wa Chitao, Wang Yuanlu.

Mjoni wa ku Randburg: Nanga mpingo umenewo uli kuti lero? Ukanakhala woona ukanatha?

Abusa Opuma: Unatha, koma tisafulumire kunena kuti unatha chifukwa cha kusakaniza kokha. Mu 845 mfumu Wuzong, yomwe inali yokangalika pa Chitao, inalimbana ndi Chibuda, inagwetsa nyumba za amonke n'kulanda chuma chawo, ndipo zipembedzo zina zochokera kunja zinakokedwera momwemo. Chibuda chinadzukanso chifukwa chinali chitazika mizu m'midzi. Chikhristu chija chinkadalira chisomo cha mfumu, ndipo atsogoleri ake ambiri anali alendo. Mfumu itatembenuka, analibe pogwira. Pofika cha m'ma 980 mmonke wina yemwe anatumidwa kukaona abale ku China anabwerera ku Baghdad n'kunena kuti Chikhristu chazimiririka kumeneko. Koma onaninso ichi: kuyankhula ngati a Chitao sikunawapulumutse m'manja mwa mfumu ya Chitao. Wuzong mwiniwake anafa chaka chotsatira, 846, atamwa mankhwala amene ankati amapatsa moyo wosafa.

Amake Tadala ku Leeds: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito usiku. Mbiriyi ndaikonda, koma ine ndikufuna kumva za mkati mwa bukulo. Kupatula za madzi, n'chiyani chomwe Mkhristu angatolemo? Chimwemwe tatiuza.

Chimwemwe ku Xi'an: Achemwali, ndinena zomwe zandigwira ine. Mutu 63 umati choipa uzibwezera ndi ubwino. Confucius, mphunzitsi wina wamkulu wakale wa kuno, atafunsidwa za mfundo yomweyi anaikana, anati ukabwezera choipa ndi ubwino, nanga ubwino udzaubwezera ndi chiyani? Iye anati choipa uzibwezera ndi chilungamo. Choncho pa nkhani ya kukonda adani, Laozi ali pafupi ndi chiphunzitso cha paphiri kuposa Confucius. Mutu 66 umati mitsinje ikuluikulu ndi nyanja zimalamulira timitsinje tonse chifukwa zili m'munsi mwa ito, ndiye wofuna kutsogolera anthu adziike kumbuyo kwawo. Mutu 67 umatchula chuma chitatu: chifundo, kusawononga zinthu, ndi kusadziika patsogolo. Koma umene unandiimitsa ndi mutu 78. Umati amene asenza manyazi a dziko ndiye woyenera kukhala mwini dziko, amene asenza matsoka a dziko ndiye mfumu. Nditawerenga pamenepo maganizo anathamangira ku Yesaya 53. Chinanso, Baibulo la Chitchaina lomwe timagwiritsa ntchito ku mpingo, lomwe linatuluka mu 1919, pa Yohane 1:1 pamene ife timati pachiyambi panali Mawu, iwo analemba kuti pachiyambi panali Dao, kutanthauza Njira, liwu lomwelo limene Laozi amatchulira gwero la zinthu zonse. Ndiye Mkhristu wa kuno sangalithawe liwuli, amakumana nalo pa Khirisimasi iliyonse.

Abusa Opuma: Eya, ndipo omasulirawo sanalakwe, monganso omwe anamasulira Buku Loyera sanalakwe pogwiritsa ntchito dzina la Chauta limene makolo athu ankalitchula kale pansi pa mtengo wa msolo. Koma usaime pa ndime yoyamba, mwana wanga. Tsika mpaka ndime 14: Mawu anasandulika thupi, nakhazikika pakati pa ife. Laozi akutsegula buku lake ndi kunena kuti Dao imene ingathe kunenedwa si Dao yosathayo, dzina limene lingathe kutchulidwa si dzina losathalo. Yohane akunena kuti amene sanaonedwepo ndi munthu aliyense watenga dzina, ali ndi mayi, ali ndi mudzi wakwawo, anamva ludzu pa chitsime cha ku Samariya. Tsono ndikufunse: bambo aja akuphunzitsani, mutu 5 anakuwerengeraniponi?

Chimwemwe ku Xi'an: Pa phunziro sanauwerengepo, koma ine ndinauwerenga ndekha. Umati kumwamba ndi dziko lapansi zilibe chifundo, zimaona zolengedwa zonse ngati agalu a udzu. Agalu a udzuwo ankawapanga kuti agwire ntchito pa mwambo wa nsembe, ankawalemekeza pa tsikulo, mwambo ukatha n'kuwataya kuti anthu aziwaponda.

Abusa Opuma: Pamenepo ndi pamene njira ziwirizi zikusiyana.

Aphunzitsi Gondwe: Ena amamasulira mutu umenewo kuti ukunena za kusakondera, abusa, ngati mmene Mateyu 5:45 akunenera kuti amawalitsira dzuwa oipa ndi abwino omwe.

Abusa Opuma: Ndikudziwa aphunzitsi, koma werengani ndime yonse. Yesu akuti Atate wanu amavumbitsira mvula olungama ndi osalungama, ndipo chifukwa chake n'chikondi: kondani adani anu kuti mukhale ana a Atate wanu. Kusakondera kwa Mulungu kukuchokera poti amakonda onse. Kusakondera kwa Dao kukuchokera poti siganizira aliyense. Dao sungaiuze kuti Atate. Simva pemphero, sikhumudwa ndi tchimo, sikhululuka. Ngakhale mpheta imodzi sigwa pansi Atate osadziwa, nanga galu wa udzu amamuwerenga ndani?

Aphunzitsi Gondwe: Pamenepa sindikutsutsani. Koma ndikufuna gulu limve kuti pali anthu amene analidziwa bwino phompho limeneli n'kupitirizabe kuwerenga Laozi ali Akhristu okhazikika. John C. H. Wu, katswiri wa malamulo wa ku China amene analowa Chikatolika mu 1937, anamasulira Masalimo ndi Chipangano Chatsopano m'Chitchaina, anakhalapo kazembe wa dziko lake ku Vatican, ndipo yemweyo anamasulira Dao De Jing m'Chingerezi. Ndi iyeyo amene anathandiza Thomas Merton, mmonke wa ku Kentucky, pamene ankakonza buku lake la nkhani za Zhuangzi lomwe linatuluka mu 1965. Chaka chomwecho Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unanena kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina, koma uyenera kulalika Khristu kosalekeza. Kumbali ya Apulotesitanti kunali Karl Ludvig Reichelt wa ku Norway, amene mu 1930 anayambitsa malo otchedwa Tao Fong Shan ku Hong Kong, komwe amonke oyendayenda ankalandiridwa n'kumakambirana za Khristu. Anzake ambiri a utumwi anamudzudzula kuti wapitirira malire. Mkangano womwe tili nawo panowu ndi wakale.

NaJere: Aphunzitsi, Zhuangzi ndiye ndaninso?

Aphunzitsi Gondwe: Ndi mphunzitsi wina wamkulu wa Chitao, amayi, anakhalako cha m'ma 300 Yesu asanabadwe. Iye ankaphunzitsa ndi nthano. Imodzi yodziwika ndi ya imfa ya mkazi wake. Mnzake Huizi atabwera kudzapepesa maliro anamupeza atakhala pansi, atatambasula miyendo, akuimba beseni ngati ng'oma uku akuimba nyimbo. Mnzakeyo anamudzudzula. Zhuangzi anayankha kuti poyamba nayenso chinamuwawa, koma ataganiza anaona kuti mkaziyo kale kunalibe, kenako anakhalapo, tsopano wasinthanso, monga mmene nyengo za chaka zimasinthira, ndiye kumulira mokuwa kukanakhala kusamvetsa mmene zinthu zimayendera.

NaJere: Ndiye apa ndamva bwino tsopano, ndipo ndikhoza kuyankha, chifukwa maliro a mwamuna ndinawaona. Bambo a ana anga atamwalira ndinakhala pa mphasa pafupi ndi bokosi usiku wonse. Amayi a Mvano anabwera atavala zoyera, anakhala mondizungulira, mmodzi anandigwira phewa osalisiya mpaka kunja kunayera. Ankaimba, ine ndikulira, ndipo palibe anandiuza kuti tonthola, ndi nyengo chabe yasintha. Akanandiuza zimenezo akanandipha kawiri. Mwamuna wanga sanali nyengo. Anali munthu, anali ndi dzina, ndipo Mulungu amalidziwa dzinalo. Chomwe chinandigwira mtima masiku amenewo ndi ndime yaifupi ija, Yesu analira. Ankadziwa kuti Lazaro amuukitsa posachedwa, koma analirabe. Ndiye mwana wanga Chimwemwe, za madzi zija n'zabwino, za kudzichepetsa n'zabwino. Koma tsiku lomwe udzaike m'manda munthu wako, udzafuna Mulungu wolira nawe amenenso angathe kuitana wakufa ndi dzina lake.

Amake Tadala ku Leeds: Amayi, mwandiliritsa. Pa ntchito yanga ya unamwino ndimakhala ndi anthu amene akutsirizika, ndipo zomwe mwanenazi ndimaziona. Komabe ndinene mbali ina, chifukwa nanenso ndine Mkhristu wotopa. Mpingo wathu kuno uli ndi zochitika tsiku lililonse: kusala kudya, mapemphero a usiku wonse, misonkhano, zopereka za ichi ndi icho. Timapemphera ngati tikumukakamiza Mulungu, ngati tikapanda kukuwa sangamve. Ndinamvapo za chiphunzitso cha Chitao chotchedwa wu wei, ndipo ndinaona ngati chikunena za ludzu langa. Kodi ndi ulesi chabe wovekedwa zovala zabwino, kapena muli kanthu?

Chimwemwe ku Xi'an: Si ulesi achemwali. Ndi kuchita zinthu mosakakamiza. Zhuangzi yemweyo ali ndi nkhani ya wophika wina, Ding, amene ankasenda ndi kudula ng'ombe pamaso pa mfumu. Anati wophika wamba amasintha mpeni mwezi uliwonse chifukwa amatema mafupa, wophika wabwino amasintha pa chaka chifukwa amadula mnofu, koma wake wautenga zaka 19 ndipo ukadali wakuthwa, chifukwa amaulowetsa m'mipata yomwe ilipo kale pakati pa mfundo. Ng'ombe amaimaliza ndithu, ntchito ikugwirika, koma salimbana nayo.

Abusa Opuma: Mwana wanga wa ku Leeds, ludzu lako ndi loona, ndipo ife abusa tili ndi mlandu pa kutopetsa nkhosa. Koma mankhwala ake ali m'nyumba mwako momwe. Marko 4 kuyambira ndime 26: munthu amwaza mbewu, agona, adzuka, usiku ndi usana, mbewu zimera n'kukula iye osadziwa mmene zichitira. Salimo 127 likuti n'chabe kulawirira m'mamawa ndi kugona mochedwa, pakuti Iye apatsa okondedwa ake tulo. Salimo 46 likuti khalani chete, ndipo dziwani kuti Ine ndine Mulungu. Ngati wophika wa Zhuangzi wakuthandiza kuona ndime zimene unkazidumpha, thokoza Mulungu, paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Apa ndi pomwe ndimati ndibwerera kwa a Mjoni. Kubwereka mtsuko wa mnansi kuti ukatungire madzi pa chitsime chako n'kosiyana ndi kukatunga pa chitsime chake. Wa Chitao amakhala chete chifukwa zinthu zimadziyendera zokha. Iwe ukhala chete chifukwa pali Wina amene akugwira ntchito iwe uli m'tulo, ndipo ukhoza kumuyankhula.

Mjoni wa ku Randburg: Ngati zonse zili kale m'Baibulo, abusa, mtsuko wa mnansiwo ndi wa chiyani? Mwangotsimikiza mfundo yanga.

Aphunzitsi Gondwe: Kwa inu ndi ine mwina si wofunika kwenikweni, a Mjoni. Koma bambo amene Chimwemwe akunenawo si mtsuko wa mnansi, ndi wa amayi awo. Anakulira m'miyambi imeneyi monga ife tinakulira m'miyambi ya agogo. Mukawauza kuti ataye zonse kuti akhale Mkhristu, mukuwauza kuti ayambe asiya kukhala munthu wa ku China. Mpingo wathu wa Katolika unayesapo njira imeneyo ndipo tinalipira. Matteo Ricci, amene anamwalira ku Beijing mu 1610, analola Akhristu kupitiriza miyambo yolemekeza makolo ndi Confucius, ngakhale kuti Chitao ndi Chibuda iye ankazikana. Mu 1692 mfumu Kangxi inalola Chikhristu poyera. Kenako Roma inaletsa miyamboyo, Papa Clement XI mu 1704 ndi 1715, Papa Benedict XIV n'kutsekeratu nkhaniyo mu 1742. Kangxi anakwiya, ndipo mwana wake Yongzheng analetsa Chikhristu mu 1724. Chiletso cha Roma chinadzachotsedwa mu 1939, nthawi ya Papa Pius XII. Ndiye mbiri ya ku China ili ndi machenjezo awiri. Abusa atisonyeza la oyamba aja amene anayankhula mofewa kwambiri. Ili ndi la amene anaumitsa khosi.

Mjoni wa ku Randburg: Ndamva, koma ine ndikuopa za achinyamata. Kuno ku Joni masitolo a mabuku adzaza ndi zinthu zosakaniza, pang'ono Yesu, pang'ono mphamvu za m'chilengedwe, pang'ono miyala yochiritsa. Mapeto ake munthu amati Yesu ndi mphunzitsi mmodzi mwa ambiri. Chimwemwe amadziwa Baibulo lake, koma wina wowerenga pagulu pano amene sanakhwime angatenge kuti zonse n'chimodzimodzi.

Abusa Opuma: Nkhawa imeneyo ndi yanganso, ndipo n'chifukwa chake sindingalole kuti buku la Laozi liwerengedwe pa guwa ngati Malemba. Kulitchula pofotokoza, monga mmene ndimatchulira mwambi wa Chichewa mu ulaliki, ndilibe nako vuto. Koma wolitchulayo akhale wokonzeka kunenanso pamene Laozi sakufika. M'bukumo mulibe tchimo lofunika kukhululukidwa, muli kusokera kuchoka pa chibadwa. Mulibe woombola, munthu amangobwerera yekha ku chiyambi chake. Mulibe kuuka kwa akufa. Ndiponso kufatsa kwa Laozi nthawi zina kumaoneka ngati njira yopambanira: dzichepetse kuti ukhale pamwamba, gonja kuti ugonjetse. Mbali yaikulu ya bukulo ndi malangizo opita kwa wolamulira. Yesu sanasambitse mapazi a ophunzira ngati njira yopezera mpando. Anasambitsa ndi a Yudasi omwe.

Amake Tadala ku Leeds: Abusa, funso lina laling'ono. Kuno madokotala amalimbikitsa okalamba kuchita tai chi, masewero a ku China olimbitsa thupi mwapang'onopang'ono, kuti asamagwegwe, ndipo ine ndimaperekeza odwala ku makalasi amenewa. Ndilowe nawo kapena ndizingokhala pa mpando?

Abusa Opuma: Ngati akuphunzitsa kuponda bwino ndi kupuma bwino, lowa nawo, mawondo ako adzakuthokoza. Akayamba kukuuza kuti ugwadire chifanizo kapena uitane mzimu wina wake, tuluka. Chikumbumtima chako chikakana, usadzikakamize, ndipo usaweruze mnzako amene chake chalola. Aroma 14 analembera nkhani zotere.

NaJere: Ine ndatsala ndi funso limodzi kwa Chimwemwe. Akhristu a kumeneko amachita bwanji ndi manda a makolo awo, poti abale awo ambiri si Akhristu?

Chimwemwe ku Xi'an: Kumayambiriro kwa Epulo kuli tsiku lotchedwa Qingming, amayi, lomwe mabanja amapita kukasesa kumanda. Ambiri amatenga zakudya, lubani ndi ndalama za pepala zoti awotche kuti akufa akazigwiritse ntchito. Akhristu amene ndimapemphera nawo amapita limodzi ndi abale awo. Amazula udzu, amapukuta mwala, amaika maluwa, ena amaimba nyimbo ndi kupemphera kwa Mulungu, koma ndalama za pepala sawotcha. Mnzanga wina anandiuza kuti chaka choyamba atabatizidwa amalume ake anamukalipira pamaso pa banja lonse kuti wataya agogo ake. Iye sanayankhe, anangopitiriza kuzula udzu, ndipo chaka chilichonse amakhala woyamba kufika ndi tsache.

NaJere: Ndiye nkhani yake ndi yomweyi ya chiliza kwathu kuno. Mwezi wamawa tili ndi msonkhano wa amayi wokambirana zoti Mkhristu achite chiyani abale akafuna kufulula mowa pa tsiku lovundukula chiliza. Abusa, ndikupemphani mundilembere ndime zoti ndikayambire, munditumizire kumbali.

Abusa Opuma: Ndikutumizirani mawa m'mawa, amayi. Pakali pano yambani mwawerenga 1 Akorinto 8 ndi 10.